Safunsa Anadya Phula: Ife ndi Zakudya za M'misewu ya Osaka

Anthu a ku Japan amanyogodolana ndi mizinda yawo monga momwe ife timachitira ndi maboma athu. Amati wa ku Kyoto amasaukira zovala, pomwe wa ku Osaka amasaukira pakamwa. Mawu ake ndi kuidaore, kutanthauza kudya mpaka thumba litapepuka, mwini wake atagwa. Eni mzindawo sakwiya nawo mawu amenewa, amachita kunyadira. Mlendo akatsika sitima pa Namba n'kulowa mumsewu wa Dotonbori amaziona yekha: utsi wa ziwaya, mizere ya anthu odikira chakudya, ogulitsa akuitanira malonda, ndi chinkhanu chachikulu chopanga chikugwedeza miyendo pamwamba pa khomo la lesitilanti.

Wina afunsa kuti za mzinda wakutali chotere zikutani m'magazini athu. Japan sali kutali monga kale. Galimoto zambiri zomwe timakwera zidachokera kumeneko. Achinyamata a ku Japan akhala akubwera kudzagwira ntchito mongodzipereka m'sukulu ndi m'zipatala za m'Malawi kuyambira 1971. Boma la Japan limapereka mwayi wa maphunziro apamwamba kwa ophunzira a ku Africa, monga kudzera mu ABE Initiative yomwe idalengezedwa mu 2013, ndipo mu 2025 Osaka idachititsa chionetsero chachikulu cha maiko a dziko lapansi. Pakati pa ife amene tikulimbana ndi mayeso chaka chino pali ena amene tsiku lina adzaima pa mlatho wa Ebisubashi, njala itawagwira, ndalama za yen zili m'manja, Levitiko 11 ali m'mutu. Adzatani?

Mayankho apafupi alipo awiri, ndipo onse timawamva kawirikawiri. Loyamba ndi la mantha: dzitsekere m'chipinda, idya buledi ndi nthochi, mzindawo uuonere pawindo kufikira tsiku lobwerera. Lachiwiri ndi la ulesi: uli kwa eni, palibe mkulu wa mpingo akukuona, idya chilichonse chomwe waikiridwa, udzalapa ukafika kwanu. Maganizo athu ndi akuti mayankho onsewa ndi opereŵera, ndipo amaperewera pa chifukwa chimodzi: onse amathawa ntchito yofunsa. Mkhristu wa Adventist ayenera kulowa mumsewuwo, kuona zonse zoyenera kuonedwa, kudya zoyenera kudyedwa, ndi kukana zotsalazo mwaulemu. Izi zimafuna kuphunzira usananyamuke, ndipo zimafuna pakamwa pofewa ukafika.

Khitchini ya dziko

Tisanaweruze mzinda wa eni, tiudziwe. Osaka ndi mzinda wa amalonda kuyambira kale. M'nthawi ya Edo mpunga wa msonkho wochokera m'zigawo zambiri unkasonkhanitsidwa kumeneko n'kumagulitsidwa pa msika wa Dojima, mwakuti mzindawu udatchedwa khitchini ya dziko lonse. Zombo zinkabweretsanso ndere za m'nyanja zotchedwa kombu kuchokera ku Hokkaido, kumpoto kwenikweni, ndipo ndi nderezi zomwe mpaka lero zimakometsa msuzi wa ku Osaka. Ngalande ya Dotonbori idayamba kukumbidwa mu 1612 n'kutha mu 1615. M'mbali mwake mudamangidwa nyumba za zisudzo, ndipo malo odyera adamera pofuna kudyetsa anthu odzaonera zisudzozo. Chikwangwani cha Glico, cha munthu wothamanga atakweza manja, chomwe alendo amajambulitsapo zithunzi, chidaikidwa koyamba mu 1935.

Zakudya zambiri za mumsewumu zidakula ndi umphawi. Mu Marichi 1945 mabomba adapsereza gawo lalikulu la pakati pa mzindawu. Nkhondo itatha mpunga udasowa, ndipo ufa wa tirigu ndiwo udapulumutsa mabanja ambiri. Chikondamoyo cha ufa ndi kabichi chotchedwa okonomiyaki chidafala m'zaka zimenezo chifukwa chinkakhutitsa pa mtengo wochepa. Momofuku Ando, amene mu 1958 adatulukira ma noodles ongothira madzi otentha ku Ikeda, kufupi ndi Osaka, ankafotokoza kuti chidamukhudza ndi mizere ya anthu anjala odikira mbale ya msuzi wotentha nkhondo itangotha. Ife amene tikudziwa komwe chigumu ndi zitumbuwa zimachokera sitiyenera kuyang'ana ziwaya za ku Osaka monyoza. Mayi amene akutembenuza chakudya pa Dotonbori akuchita zomwe mayi wa pa Lunzu kapena pa Tsangano amachita: akufuna fizi ya mwana.

Zomwe zili m'chiwaya

Koma chilungamo n'chakuti zakudya zotchuka kwambiri za mzindawu n'zomwe ife sitidya. Chotchuka koposa ndi takoyaki, timipira ta ufa tootchedwa m'chiwaya chachitsulo chokhala ndi timaenje, tomwe wophika amatitembenuza ndi kamtengo kosongoka mwachangu chododometsa. M'kati mwa kampira kalikonse muli chidutswa cha octopus, chamoyo cha m'nyanja cha miyendo isanu ndi itatu, chopanda zipsepse ndi mamba. Tomekichi Endo, amene amadziwika kuti adayambitsa chakudyachi mu 1935, poyamba ankaikamo ng'ombe, koma lero dzina lokhalo likunena zonse, pakuti tako ndiye octopus. Okonomiyaki nthawi zambiri amayala pamwamba pake nyama ya nkhumba yopyapyala, kapena kuikamo ika ndi ebi, zomwe Azungu amati squid ndi shrimp. Butaman ndi mkate wophikidwa pa nthunzi wokhala ndi nkhumba m'kati. Ramen yambiri msuzi wake ndi wa mafupa a nkhumba. Nsomba ya poizoni ya fugu, yomwe anthu a ku Osaka amaikonda m'nyengo yozizira, ilibe mamba.

Zimenezi n'zoonekera, ndipo sizivuta kuzipewa. Chovuta ndi chobisika. Mu Shinsekai amagulitsa kushikatsu, tizidutswa ta nyama kapena masamba tobayidwa pa kamtengo n'kukazingidwa. Ukhoza kusankha ka anyezi, ka biringanya kapena ka ng'ombe, koma mafuta okazingira ndi omwe aja adakazingiramo nkhumba ndi ebi, ndipo malo ena mafutawo ndi a nkhumba enieni. Sosi wakuda wotsekemera amene amapaka pa okonomiyaki nthawi zina amakhala ndi madzi a oyster kapena a nyama ya nkhumba. Kare wa ku Japan, wooneka wosalakwa pambali pa mpunga, kawirikawiri amakhala ndi mafuta a nkhumba. Malamulo a ku Japan amakakamiza opanga zakudya za m'mapaketi kulemba ngati muli ebi kapena nkhanu, pofuna kuteteza amene thupi lawo limadana nazo, koma nkhumba ndi ika zili m'gulu longolimbikitsidwa kulembedwa, ndipo lamuloli silikhudza chakudya chophikidwa pamaso pako mumsewu.

Apa ndi pomwe mwambi wa makolo ukugwira ntchito: safunsa anadya phula. Mawu ofunika ndi ochepa, ndipo wophunzira amene adaloweza mafupa onse a m'thupi la munthu sangalephere kuwasunga. Buta ndi nkhumba, ebi, ika, tako, kani ndiye nkhanu, kai ndi nkhono za m'nyanja, unagi ndi mkunga. Kufunsa kuti muli nkhumba kodi ndi kunena kuti buta wa haitte imasu ka, ndipo kupempha kuti asaikemo ndi buta nuki de onegai shimasu. Dzina lakuti okonomiyaki limatanthauza chootcha monga momwe ukufunira, choncho kupempha cha kabichi, dzira ndi tchizi sikulakwira mwambo wa eni. Chilembo cha nkhumba m'kalembedwe ka Chijapani ndi chimodzi, ndipo kuchiloweza n'kwa mphindi zochepa. Foni nayo imatha kumasulira zolembedwa pa paketi ukailozetsa kamera. M'masiku ano amene wadya mosadziwa nthawi zambiri ndi amene sadafune kudziwa.

Njala siipha wofunsa

Amantha aja amaganiza kuti ukachotsa zonsezi palibe chotsala. Chotsala n'chambiri, ndipo china tingachizindikire ngati chakwathu. M'nyengo yozizira amagulitsa yaki-imo, mbatata yootchedwa pa miyala yamoto mpaka kutuluka uchi. Pa zikondwerero monga Tenjin Matsuri, yomwe imachitika pa 24 ndi 25 Julayi, pamakhala chimanga chootcha chopakidwa sosi wa soya. Taiyaki ndi keke yooneka ngati nsomba koma m'kati mwake muli nyemba zofiira zotsekemera. Mitarashi dango ndi timipira ta ufa wa mpunga. M'masitolo ang'onoang'ono osatseka usiku muli onigiri, mpunga woumbidwa wokhala ndi salmon, kombu kapena chipatso chowawasa cha ume. Pali nyemba za soya zaziwisi zowiritsa, tofu wamitundumitundu, ndi nkhuku yootcha pa makala ya yakitori kwa amene amadya nyama.

Chakudya chomwe eni ake amati ndiwo mtima wa Osaka ndi kitsune udon, ma noodles onenepa m'msuzi woyera, pamwamba pali tofu wokazinga. Msuzi wake, dashi, amaupanga ndi kombu ndi nsomba youma ya katsuo, ya mtundu wa tuna, ndipo ena amagwiritsa ntchito tinsomba touma ta niboshi tomwe Mmalawi aliyense angatiyese usipa. Kwa amene amadya chambo, msuzi umenewu ulibe mlandu. Kwa anzathu amene adasiyiratu nyama ndi nsomba, dashi ndiye msampha waukulu, chifukwa amalowa pafupifupi m'ndiwo zonse, ngakhale za masamba. Koma nawonso ali ndi kolowera. Japan ili ndi mwambo wakale wosadya nyama: mu 675 mfumu Tenmu idaletsa kudya nyama zingapo, ndipo amonke Achibuda adakulitsa kaphikidwe kopanda nyama ndi nsomba kotchedwa shojin ryori, komwe mlendo angakalawe pa phiri la Koya, ulendo wa maola awiri kuchokera pa Namba.

Zakumwa nazo zili ndi njira yake. Tiyi wobiriwira ali paliponse, koma paliponsenso pali mugicha, chakumwa cha barele wokazinga chopanda caffeine, chomwe ngakhale ana amamwa. Pali amazake, chakumwa chotsekemera cha mpunga chokumbutsa thobwa, ndipo monga momwe timasiyanitsira thobwa la lero ndi logonera masiku, nachonso chili pawiri: china n'cha chimera cha mpunga chabe, china amapangira masese a mowa wa sake. Pamenepanso n'kufunsa. Za mirin, vinyo wotsekemera wa mpunga amene amathira pang'ono pophika, aliyense akhale ataganizirapo asananyamuke, kuti chikumbumtima chisadzayambe kukangana naye mbale ili kale patsogolo.

Kakanidwe

Kudziwa chokana ndi theka la nkhani. Theka lina ndi kakanidwe. Tonse tidaonapo m'bale amene pamaliro kapena paukwati, akaikiridwa mlamba kapena nkhumba, amakwinya nkhope n'kuyamba ulaliki wa Levitiko pamaso pa amayi amene akhala pamoto kuyambira m'bandakucha. Chakudya chodetsedwa sadadye, koma mudzi wonse watsala ukunena kuti anthu a Sabata ndi onyada. Akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ku Japan, komwe Akhristu ndi pafupifupi mmodzi pa anthu 100 alionse, mwina ndife oyamba a Adventist amene wogulitsayo wakumana nawo, ndipo mwina ndife Amalawi oyambanso.

Danieli ku Babulo sadagubuduze gome la mfumu. Adapita kwa woyang'anira, adapempha, adamvetsa mantha a munthuyo, ndipo adapereka njira yoyesera ya masiku khumi yomwe sinkaika moyo wa mnzakeyo pachiswe. Ndiwo mzimu womwe tikufunika kunyamula. Ophika ambiri a ku Japan sakonda kusintha kaphikidwe kawo, ndipo ena adzakana pempho lathu. Sikuti akutida. Pa chiwaya pali mzere wa anthu makumi atatu, ndipo ufa adausakaniza kale m'mawa. Tithokoze, tiweramitse mutu pang'ono, tipite patsogolo. Ngati taitanidwa ndi mphunzitsi kapena banja, tinene zomwe sitidya tsiku lisanafike, osadikira kuti mayi wa panyumbapo agule nkhanu zodula chifukwa cha ife. Pa maphwando a ophunzira pomwe mowa umayenda, kukweza tambula ya juwisi pamodzi ndi anzathu n'kololedwa, ndipo kukhalapo kumalankhula zambiri kuposa kujomba nthawi zonse.

Tisungenso malamulo a eni, chifukwa munthu amene akupempha kuti alemekezedwe pa chikhulupiriro chake ayambe ndiye kulemekeza. Kudya ukuyenda sikuoneka bwino, umaima pambali pa malo omwe wagulapo mpaka utamaliza. Mabini ndi osowa, zinyalala umanyamula. Ndalama yapamwamba yothokozera sapereka. Timitengo todyera sazika chilili mumpunga, chifukwa zimenezo amachita pa mwambo wa maliro. M'malo a kushikatsu momwe sosi ali m'mbale ya onse, lamulo lodziwika ndi lakuti suviika kawiri chomwe waluma kale. Ife amene tidakulira pa mbale imodzi ya ndiwo, tikudzudzulidwa tikabweza nthongo yoluma, lamulo limeneli si lachilendo.

Tchimo lomwe sitilitchula

Pali chinthu china mu kuidaore chomwe chimatikhudza kuposa octopus. Munthu akhoza kuyenda Dotonbori yonse osakhudza chodetsedwa chilichonse, koma n'kubwerera atadya zokazinga kasanu, zotsekemera katatu, ndalama ya mwezi wonse itatha. Uthenga wathu wa zaumoyo sudathere pa mndandanda wa nyama. Umanena za kudziletsa, kusiyiratu zowononga ndi kugwiritsa ntchito mwanzeru zabwino. Pamenepa timakonda kukhala chete, chifukwa mbale zomwe timasenza pa chakudya cha pamodzi Sabata masana, kapena pa misonkhano ya misasa, zimatitsutsa.

Chodabwitsa n'chakuti dziko lomwelo lili ndi mawu ena otsutsana ndi kuidaore. Amati hara hachi bu, kudya mpaka mimba itadzaza magawo asanu ndi atatu mwa khumi, n'kulekera pomwepo. Mwambo umenewu umatchulidwa kwambiri za anthu a pa zilumba za Okinawa. Mu 2005 magazini ya National Geographic idalemba za malo omwe anthu amakhala ndi moyo wautali, ndipo Okinawa idatchulidwa pamodzi ndi a Adventist a ku Loma Linda ku California. Choncho mlendo wa Adventist akagula chimodzi, n'kugawana ndi mnzake, n'kuleka asanakhute, sakuchita zachilendo ku Japan. Akuchita zomwe agogo ambiri a kumeneko angavomereze.

Maso nawonso amadya

Kuona malo kuli ndi mafunso ake. Linga la Osaka lidayamba kumangidwa ndi Toyotomi Hideyoshi mu 1583, ndipo nsanja yomwe ilipo lero ndi ya mu 1931. Alendo ambiri amajambula makoma a miyala ikuluikulu ndi maluwa a sakura n'kumapita. Ife tili ndi chifukwa choimira nthawi yotalikirapo. Hideyoshi yemweyo ndiye adalamula mu 1587 kuti amishonale achoke m'dzikomo, ndipo mu 1597 Akhristu 26, ambiri mwa iwo ogwidwa ku Kyoto ndi ku Osaka, adayendetsedwa mpaka ku Nagasaki komwe adapachikidwa. Takayama Ukon, mfumu yomwe idalamulirapo Takatsuki pakati pa Osaka ndi Kyoto, idalola kutaya dziko lake m'malo motaya chikhulupiriro, ndipo idafera ku Manila mu 1615 itathamangitsidwa. Anthu amenewa adali Akatolika, ndipo pa ziphunzitso zambiri timasiyana nawo. Koma mpingo womwe umalalikira za ufulu wa chipembedzo ndi za masiku omwe boma lidzakakamize chikumbumtima sungadutse pa linga limeneli ngati pamalo ongojambulitsa. Chikhristu chidakhala choletsedwa mpaka 1873.

Nanga akachisi? Shitennoji, kachisi wa Chibuda yemwe mbiri yake imayambira mu 593, ndi gawo la mbiri ya dzikolo, ndipo amene sadamuone sadaimvetse Osaka. Kuseri kwa phokoso la Dotonbori kuli kanjira ka miyala kopita ku Hozenji, komwe kuli fano lokutidwa ndi ndere chifukwa cha madzi omwe opempha mwayi amalithira. Pa nsanja ya Tsutenkaku pali chidole cha Billiken, chomwe anthu amasisita mapazi ake kuti zinthu ziwayendere, ngakhale chidachokera ku America, komwe mayi wina wojambula, Florence Pretz, adachipanga mu 1908. Alendo ambiri amathira madziwo ndi kusisita mapaziwo mongoseŵera. Ife tikuti malire ali poyera. Kuona, kufunsa tanthauzo ndi kukhala chete pomwe ena akupemphera n'koyenera. Kuthira madzi, kuwerama pamaso pa fano, kugula zithumwa za mwayi wa mayeso kapena timapepala tolosera zam'tsogolo ndi kupembedza, ngakhale tikuchite tikuseka. Amene amakana chithumwa cha sing'anga kwawo asachilandire chifukwa chakuti chasokedwa ndi ulusi wokongola. Paulo ku Atene adayenda mumzinda, adaona maguwa awo mosamala mpaka kuwerenga zolembedwapo, sadapereke nsembe, ndipo zomwe adaonazo ndi zomwe zidamupatsa poyambira kulankhula.

Tionenso zomwe mabuku a alendo satchula kawirikawiri. Kuyenda pang'ono kuchoka pa magetsi a Shinsekai kuli dera la Kamagasaki, komwe kwa zaka zambiri kwakhala aganyu amene adamanga misewu ndi nyumba zitalizitali za mzindawu. Ambiri lero ndi okalamba, osauka ndi opanda abale pafupi. Sitipitako kukajambula umphawi wa anthu. Koma wophunzira wochokera ku Malawi adziwe kuti dziko lolemera nalo lili ndi oiwalika ake, kuti asabwerere kuno akuganiza kuti sitima zothamanga ndi zikwangwani zowala ndizo chipulumutso.

Lachisanu dzuwa likapendeka

Dotonbori siidziwa Sabata. Lachisanu madzulo ndi pomwe imadzaza kwambiri. Mu Disembala dzuwa ku Osaka limalowa 5 koloko isanakwane, pomwe mu Juni limalowa itadutsa 7 koloko, kusiyana komwe ife a kufupi ndi pakati pa dziko sitidakuzolowere. Wofuna kusunga Sabata kumeneko ayang'ane nthawi, agule chakudya chake Lachisanu masana, ndipo aikiretu ndalama m'khadi la sitima. Ndi tsiku lokonzekera lomwe lija amayi adatiphunzitsa, malo okha ndiwo asintha.

Ndipo Sabata m'mawa apite kutchalitchi, pakuti abale aliko. Uthenga wa Adventist udakhazikika ku Japan mu 1896, pomwe William Grainger, yemwe adali mkulu wa Healdsburg College, adapita ku Tokyo pamodzi ndi wophunzira wake Teruhiko Okohira n'kutsegula sukulu yophunzitsa Chingerezi ndi Baibulo. Mu 1943, nkhondo ili mkati, boma lidatseka mpingo n'kumanga atsogoleri ake. Lero kuli chipatala cha mpingo ku Tokyo ndi china ku Kobe, mphindi pafupifupi makumi atatu pa sitima kuchokera ku Osaka, kuli sukulu za Saniku, ndi kampani ya San-iku Foods yopanga mkaka wa soya ndi zakudya zolowa m'malo mwa nyama. Abale amenewa akhala akusunga Sabata ndi kusankha zakudya m'dziko limeneli kwa zaka zoposa 100. Iwo ndiwo angatiuze malo odyera abwino kuposa foni iliyonse, ndipo kwa iwo, amene ndi ochepa m'dziko lawo, kuona m'bale wochokera ku Africa komwe matchalitchi amasefukira ndi chilimbikitso.

Kwa otsutsa

Ena mwa ife anena kuti Paulo adauza Akorinto kuti azidya zogulitsidwa pamsika osafunsa mafunso. Tiwerenge mutu wonsewo. Nkhani ya pa 1 Akorinto 10 ndi ya nyama yoperekedwa nsembe kwa mafano, ndipo mutuwo umathera pa kuchita zonse, kudya ndi kumwa komwe, molemekeza Mulungu ndi mosakhumudwitsa ena. Ena anena kuti kachidutswa kamodzi ka octopus sikangatayitse munthu kumwamba. N'zoona kuti sitipulumutsidwa ndi mbale, timapulumutsidwa ndi chisomo. Koma khalidwe lomwe limasungidwa pokhapokha pomwe dikoni akuona linali la dikoniyo, silinali lathu. Ulendo wakutali umangoulula zomwe zidalipo kale.

Kwa amene akuti njira yabwino ndi kusapitako konse, kapena kukhala m'chipinda, tikuti mantha si chiyero. Yesu ankadya m'nyumba za anthu mpaka adani ake kumunena. Mpingo womwe umati uli ndi uthenga wa mtundu uliwonse, fuko ndi chinenero sungathe kuphunzitsa achinyamata ake kuopa msewu womwe mitunduyo imadyera. Mnzako wa m'kalasi wa ku Japan sadzabwera ku phunziro la Baibulo la munthu amene adakana kuyenda naye madzulo alionse. Koma amene adayenda naye, n'kuseka naye, n'kugula mbatata pomwe iye akugula takoyaki, tsiku lina adzafunsidwa chifukwa chake, ndipo funsolo lidzachokera kwa bwenzi.

Tikupempha a dipatimenti ya achinyamata ndi abusa a pasukulu pano kuti nkhani zotere zizikambidwa m'mapulogalamu a Sabata masana, ndipo amene adaphunzirapo kunja aziitanidwa kudzafotokoza momwe adachitira. Timatumiza anzathu ku maiko akutali ndi pemphero ndi nyimbo, koma kawirikawiri popanda mawu asanu a chinenero cha komwe akupita. Ndipo kuyeserera kusadikire viza. Kuyambe pa chiwaya cha pa siteji yathu, pomwe ambiri timagula tchipisi osafunsa kuti mafutawo akazingiramo chiyani, ndiponso pa ukwati wa msuweni mwezi wamawa, pomwe tidzafunika kukana mbale ya azakhali mwa njira yoti adzatiitanenso.